Kwa mnzanga amene maso agwera pa foni yopinda

Bwanawe,

Kalata yako ndinailandira, ndipo ndasangalala kumva kuti muli bwino kumeneko, iwe ndi alamu. Kuno tonse tili bwino, kungoti ana akufunsabe kuti amalume awo adzabwera liti. Ine ndimangowauza kuti posachedwa, ndiye usandisandutse wabodza.

Chandikhazika pansi lero ndi kankhani kaja unakaika kumapeto kwenikweni ngati kosafunika, koti foni yako yayamba kuvuta ndipo mtima wako uli pa mafoni opinda aja. Unati ndikuuze mosabisa, ugule kapena ayi. Ukundidziwa kuti pa nkhani ya mafoni sindiyankha ndi mawu awiri, ndiye khala bwinobwino.

Uyambe wadziwa chimene chimapindikacho. Masikirini a LCD aja amakhala ndi nyali kumbuyo yowalitsa chithunzi, ndipo zonse zimakhala pa galasi louma gwa, loti ukalipinda limangothyoka. Sikirini ya OLED ndi ina. Kadontho kalikonse kamadziwalira kokha, kotero nyali ya kumbuyo sifunika, ndipo timadontho timeneti amatha kutiyala pa kapulasitiki kopyapyala kokhoza kupindika. Mpaka pamenepo akatswiri sanavutike kwambiri, chifukwa ngakhale mu 2014 Samsung inali itatulutsa kale Galaxy Note Edge, ya sikirini yokhota m'mbali. Mutu unawawawa pa zinthu ziwiri: chophimba pamwamba pa sikiriniyo, chimene chala chako chimakhudza, ndi hinji, cholumikizira mbali ziwiri za foni, yoti itseguke n'kutsekeka tsiku ndi tsiku osaononga kanthu.

Ndikakufunsa kuti anayamba kugulitsa foni yopinda ndani, ndikudziwa unena Samsung. Ayi ndithu. Inali kampani ya ku Shenzhen ku China yotchedwa Royole, imene inathamanga n'kuonetsa FlexPai chakumapeto kwa 2018 kuti iwapitirire akuluakulu onse. Dzina loti oyamba inalitenga, koma foniyo anthu amene anaigwira sanaiyamikire, inali yokhuthala ndiponso mapulogalamu ake ankasokonezeka ukaipinda. Mu 2024 kampaniyo inagwa ndi ngongole. Lero ndi anthu angati akuikumbuka?

Samsung nayo inapsa ndi phuma lomwelo. Mu February 2019 inaonetsa Galaxy Fold, ya madola 1,980 a ku America, n'kulonjeza kuti ifika m'masitolo mu April. Inatumiziratu mafoni angapo kwa atolankhani olemba za zipangizo zamakono kuti ayese. Pasanathe masiku ambiri, ena mwa mafoniwo anali atafa. Atolankhani ena anaona kapulasitiki pamwamba pa sikirini n'kuganiza kuti ndi kaja timamatula pa foni yatsopano, osadziwa kuti kanali mbali ya sikiriniyo. Atakamatula, sikirini inada. Kwa ena tizinyalala tinalowa pa mpata wa hinji n'kukatukumula sikirini kuchokera m'kati. Kampani yonse ija inachita kuimitsa malonda, n'kukaikonzanso foniyo, ndipo inatuluka mu September. Ine nkhani imeneyi imandiseketsa mpaka lero, chifukwa ndikudziwa kuti nanenso ndikanamatula kapulasitikako tsiku loyamba lomwe.

Anathamangiranji chonchi? Huawei inali m'khosi. Mwezi womwewo wa February, pa chionetsero cha mafoni ku Barcelona, Huawei inaonetsa Mate X, yopindikira kunja, sikirini n'kukhala ngati chikuto cha buku. Inkaoneka yokongola kuposa ya Samsung, ndipo ambiri anati njira yabwino ndi imeneyo. Koma taganiza, sikirini yofewa ili panja, m'thumba momwe muli makiyi ndi ndalama zachitsulo. Pofika 2021, Huawei inatulutsa Mate X2 yopindikira m'kati, monga ya mdani wake uja. Palibe anapepesa kapena kuvomera kuti mnzake anaganiza bwino, anangosintha mwakachetechete.

Apa ndiye ndiyenera kunena chilungamo, kuti mpikisanowu pena watithandiza ogulafe. Mu 2020 Galaxy Z Flip inabwera ndi galasi lenileni lopindika, lopyapyala kuposa tsitsi la munthu, la mamaikiromita pafupifupi 30. Motorola inaukitsa dzina lakale lija la Razr, foni ya chivindikiro imene tinkaisirira m'ma 2004, n'kuipanga yopinda sikirini. Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya hinji. Mafoni oyamba a Samsung ukawatseka ankasiya mpata pafupi ndi popindikira, chifukwa sikirini singapindidwe mwamphamvu ngati pepala. Makampani ena, monga Motorola ndi Oppo pa Find N ya 2021, anapanga hinji imene imalola sikirini kubisala m'kati mwake itakhota ngati dontho la madzi. Foni imatsekeka thwi, ndipo khwinya la pakati silizama kwambiri. Samsung inakhala ndi mpata wake uja mpaka 2023 pa Fold5. Ine ndimakhulupirira kuti pakanapanda anzakewo kuichititsa manyazi, ikanachedwanso.

Khwinyalo ndi limene uyenera kuliganizira bwino. Pa zithunzi zotsatsa malonda sulionako, amajambula mochenjera. Ukaigwira pamalo owala, limaoneka, ndipo chala chikamadutsa pakati umalimva. Ena amati pakapita mlungu umaliiwala. Mwina n'zoona, walira mvula walira matope, ukafuna sikirini yaikulu yolowa m'thumba ulandirenso khwinya lake. Komanso galasi lopyapyala lija silikhala lokha, pamwamba pake pamakhalabe kapulasitiki kofewa, koti chikhadabo chako chikhoza kusiya chipsera ukadinikiza.

Mnzanga wina wa kuntchito ali nayo foni yotere, sinditchula mtundu wake. Anandibwereka tsiku lina kuti ndiwerengepo chikalata chachitali, ndipo ndisakunamize, ndinaikonda. Kutsegula n'kuona tsamba lonse bwinobwino, mbali ina uthenga mbali ina chikalata, zinali zokoma. Patatha chaka ndi miyezi, kapulasitiki ka pamwamba kanayamba kutukumuka pa khwinya penipeni, kenako panabwera kamzere kakuda. Atafunsa za kukonzetsa anabwerako atagwira mutu. Panopa amagwiritsa ntchito kasikirini ka kunja kokha, foni yopinda imene saipindulanso. Sindikunena kuti onse zimawachitikira, alipo amene akhala nayo zaka popanda vuto. Makampani amati amayesa kupinda maulendo 200,000, kutanthauza maulendo 100 pa tsiku kwa zaka zoposa zisanu. Koma wopinda pa mayeso amenewo ndi makina, m'chipinda choyera, mopanda mchenga, mopanda mwana wolanda foni n'kuitsegula mokoka.

Pamene ndimatopa nawo makampaniwa ndi pa mpikisano wa masiku ano wa kupyapyala. Honor inatulutsa Magic V2 mu 2023, yokhuthala mamilimita 9.9 ikapindidwa, ndipo pamenepo zinali zomveka, chifukwa mafoni oyamba aja anali ngati wanyamula awiri m'thumba limodzi. Koma mu 2025 Samsung inati Fold7 ndi mamilimita 8.9, Honor n'kuti Magic V5 ndi 8.8, anthu n'kumakangana pa intaneti atatenga zoyezera. Gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, bwanawe! Dzanja la ndani lingamve kusiyana kumeneko? Ndipo kuti ifike pamenepo, Samsung inachotsa mwayi wolembera ndi S Pen pa Fold7, chinthu chimene anthu ena anagulira mafoni am'mbuyomo. Anataya cholembera chogwira ntchito kuti apeze nambala yokongola pa chikwangwani.

Huawei ndiye inachita zoonetsa poyera kuti nkhondo ndi ya kutchuka. Mu September 2024 inaonetsa Mate XT, yopinda pawiri, zigawo zitatu, imene ukaitambasula imafika mainchesi 10.2 ngati tabuleti. Inasankha kuionetsa patangopita maola ochepa Apple itaonetsa iPhone 16, ndipo onse awiri anayamba kugulitsidwa tsiku limodzi, pa 20 September. Kumbuka kuti boma la America linaiika Huawei pa chiletso mu 2019, mpaka mafoni ake atsopano anasiya kubwera ndi mapulogalamu a Google. Ndiye foni imeneyi inali ngati kunena kuti tikadalipo. Mwaluso ndi yodabwitsa, sindikana. Koma mahinji awiri ndi malo awiri othyokera, ndipo chigawo china cha sikirini chimakhala panja.

Nanga Apple? Mpaka kumapeto kwa 2025 inali isanatulutse foni yopinda ngakhale imodzi, pamene Google inalowa mu 2023 ndi Pixel Fold. Ena amainyoza kuti yagona, ena amati ikudikira anzake amalize kulakwitsa. Chondiseketsa n'choti Apple ndi Samsung anakokanakokana m'makhoti kuyambira 2011 mpaka 2018 pa nkhani yoberana maonekedwe a foni, koma masikirini ambiri a iPhone amapangidwa ndi Samsung Display. Masana adani, madzulo wogula ndi wogulitsa. Ndipo usaiwale LG, imene mu January 2021 inaonetsa foni ya sikirini yofunyululuka, anthu n'kuomba m'manja, chaka chomwecho n'kusiya bizinesi ya mafoni foniyo isanafike m'sitolo.

Tsono funso lako lija. Iweyo ndimakudziwa, foni yako ndi ya WhatsApp, zithunzi ndi mpira, ndipo umaigwetsa kawirikawiri, usakane. Ndikanakhala iwe ndikanagula foni wamba ya batire lamphamvu ndi kamera yabwino. Koma ngati ntchito yatsopanoyo ikukuwerengetsa zikalata uli pa ulendo, ndipo mtima wakana kumva, usagule usanachite izi. Pita ukaigwire, uitsegule pamalo owala, uyendetse chala pa khwinya. Ufunse ngati chitsimikizo chawo chikuphatikizapo sikirini ya m'kati, ndiponso kuti kuisintha ndi ndalama zingati. Uyang'anenso zilembo za IP ndi manambala ake, zosonyeza mmene foni imatchingira fumbi ndi madzi. Nambala yoyamba ndi ya fumbi, yachiwiri ya madzi. Ukaona IPX8, dziwa kuti madzi siiopa koma za fumbi sanalonjeze chilichonse. IP48 imatchinga tinthu toposa milimita imodzi basi, fumbi losalala limalowabe. Yotchinga fumbi lenileni ndi ya 6 kutsogolo, monga IP68 ya pa Pixel 10 Pro Fold.

Ukasankha undiuze, ndipo ukagula unditumizire chithunzi itatsegulidwa, chojambulira cham'mbali kuti ndione khwinyalo ndi maso anga. Upereke moni kwa alamu, uwauze kuti zithunzi za mwana zija sitinazilandirebe.

Ndine mnzako wakalekale uja.