Amayi, mdzukulu wanuyo asamenyedwenso

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Ine kuno ku Cape Town ndilipo, kungoti kukuzizira ndipo mvula sikukata, poti kuno imagwa mu Juni ndi Julaye pamene inu muli kalikiliki kutonola chimanga.

Uthenga umene achemwali ananditumizira pa WhatsApp wandisowetsa tulo. Akuti mdzukulu wanu abwerezanso Sitandade 2, ndipo amalume ake anamukwapula chifukwa atamutuma mchere ndi machesi kuokala anabwerako ndi machesi okha, chenje atasiya komweko. Amayi, ndagwira mwendo wanu, mwanayo asamenyedwenso.

Mwanayu ndinabereka ndine, ndimamudziwa. Nyimbo ya kwaya akaimva Lamulungu, Lolemba amakhala akuyimba yonse mpaka ndime yomaliza. Nthano zanu za kalulu amazifotokoza osadumpha ngakhale pamodzi, mawu anu omwe amatengera. Koma zilembo zimene waphunzira m'mawa, pofika madzulo zathawa, ndipo b ndi d amangozisinthanitsa. Kodi waulesi angaloweze nyimbo yonse ija? Mutu wake zina umagwira, zina umataya, ndipo sachitira dala. Chimene chikundiwawa n'chakuti anzake ayamba kumutcha mbuli, iye n'kumabisala kudimba nthawi ya sukulu.

Mukukumbukira malungo aja ali ndi zaka zitatu, pamene anakomoka masiku awiri ife tili pambali pa bedi? Ndinawafotokozera anamwino a kukiliniki kuno. Anandiuza kuti malungo ofika mu ubongo amatha kusiyira mwana vuto la kukumbukira, la kumva, ngakhale khunyu. Ndiye za anthu oti mwana anamutchera mankhwala musazimvere, ndipo kwa asing'anga musapite naye.

Ndatumiza ndalama pa Mukuru. Achemwali akwere naye minibasi apite ku Queens ku Blantyre, kumeneko kuli malo oyezera makutu. Asaiwale kabuku kake ka kuchipatala, muja analembamo za malungo aja. Akawauzenso adokotala zija munanena zoti nthawi zina amangoti phee, maso ali tong'o, mukamuitana osayankha. Zimenezo asakazibise chifukwa cha manyazi.

Sukulu ikatsegulira, akaonane ndi ahedi. Awapemphe kuti mwanayo azikhala kutsogolo, poti m'kalasi muja ana ndi ochuluka ndipo amene ali kumbuyo samva bwino. Afunsenso ngati a PEA, alangizi aja oyang'anira sukulu za pulayimale m'dera, angatipezere mphunzitsi wa ana ovutika kuphunzira. Aphunzitsi otero amawasula ku Montfort, ku Nguludi konko, m'boma lathu lomwelo la Chiradzulu.

Pakhomopo muzimutuma chinthu chimodzi, achibwereze pakamwa asananyamuke. Akabwera nacho mumuyamikire, kenako mumutume china. Madzulo achemwali azimulembera zilembo pamchenga iye n'kumalondola ndi chala, ndipo maphatikizo aja, ba be bi bo bu, aziwayimba ngati nyimbo, poti khomo lake lolowera nzeru ndi limenelo. Kuwerengera azigwiritsa njere za chimanga. Akatopa mumusiye akasewere.

Ndikudziwa kuti ndinakusenzetsani katundu wolemera pa ukalamba wanu. Tsiku lililonse ndimaperekeza ana a abwana kusukulu, wanga ali kutali, ndipo mtima umandipweteka. Mulungu akalola ndibwera pa basi mu Disembala.

Lamulungu masana ndiyimba foni. Mumuuze akonzeke, ndikufuna adzandiyimbire nyimbo ija ya kwaya.

Ndatha ine,
mwana wanu