Lipoti la msonkhano uja wa za Bohemond

Anzanga a mu gulu lathu la mbiri yakale, ndabwerako kumene munandituma kuja, zikomo chifukwa cha ya thiransipoti ngakhale minibasi inandichedwetsa moti ndinapeza atayamba kale.

Funso lanu lija loti kodi Bohemond anapita ku nkhondo za mtanda, zomwe Akhristu a ku Ulaya ankamenya pofuna kulanda Jerusalem kwa Asilamu, chifukwa cha chikhulupiriro kapena dyera ndinalifunsa ndithu, anthu anakangana mpaka tiyi kuzizira. Ine mmene ndamvera, mkuluyu amafuna malo basi. Bambo ake Robert Guiscard, mtsogoleri wa ma Norman kummwera kwa Italy, anasiya mayi ake nkukwatira wina, ndiye atamwalira mu 1085 mpando unapita kwa Roger Borsa mwana wa mkazi wachiwiriyo, Bohemond mwana woyamba mzinda wa Taranto womwewo anachita kulimbirana. Zolandana chuma cha masiye si zalero ayi.

Mu 1097 analumbira kwa mfumu Alexios ku Constantinople kuti mizinda yomwe kale inali ya mfumuyo akailanda kwa ma Turk adzamubwezera. Anazinga mzinda wa Antioch kuyambira Okutobala 1097 mpaka Juni 1098 njala ili tho, kenaka iyeyo anapangana mwamseri ndi Firouz wolondera nsanja ina ya mpanda nkulowa usiku pa makwerero, koma anali atawakakamiza kale atsogoleri anzake kuti mzindawo akaugwetsa ukhale wake. Pa 28 Juni anagonjetsanso Kerbogha, mtsogoleri wa ma Turk wa ku Mosul, za lumbiro lija zii, anzake akupita kukalanda Jerusalem mu 1099 iye anangokhala phee mu Antioch.

Mayi wina ananditsutsa kuti komatu pa Khisimasi ya 1099 anakafika ku Jerusalem kukakwaniritsa chowinda chake, ndipo ndi zoona, ndalemba kuti musati ndabisa.

Chomwe chinaseketsa holo yonse ndi zomwe analemba Anna Komnene mwana wa Alexios, akuti Bohemond pobwerera ku Italy ananamizira kufa, anagona mu bokosi la maliro ndi tambala wakufa kuti fungo liwatsimikizire adani ake. Mu 1106 anakwatira Constance mwana wa mfumu ya France, nkukaputanso Alexios koma zinamuvuta, mu 1108 anagonja pa pangano la Devol, anamwalira mu 1111 manda ake ali ku Canosa ku Italy.

Za Tancred mwana wa mlongo wake sitinafikeko nthawi inatha, ndiye tikambirane Loweruka. Chenji yotsala ndapereka kwa msungichuma.