Chilengezo: Loweruka Lino Tionera Kanema wa Ray Ventura

Mamembala nonse a gulu lathu la okonda jazi, Loweruka lino tikumana pamalo athu a nthawi zonse, 3 koloko masana. Tionera Nous irons à Monte-Carlo, kanema wa mu 1951 momwe muli woyimba jazi wa ku France, Ray Ventura, ndi bandi yake. Katswiri wa m'makanema, Audrey Hepburn, alimonso, asanatchuke.

Ventura anabadwira ku Paris mu 1908. Bandi yake, Collégiens, inkasakaniza jazi ndi nthabwala, ndipo nyimbo yawo ya mu 1935, Tout va très bien, Madame la Marquise, Afalansa sanaiiwale mpaka lero. Nkhondo yachiwiri ili mkati anakaimba ku South America limodzi ndi woyimba mnzake Henri Salvador, ndipo atabwerera kwawo anayamba kukonza makanema. Anamwalira mu 1979.

Kanemayu ndi wa Chifalansa, choncho odziwa chinenerochi musajombe, mudzatithandize kumasulira. Chonde tisunge nthawi.