Ng'ombe Zokwera Boti

Mwana wanga wokondedwa,

Zaka 8 zakwana! Wakula eti? Dzino limagwedera lija linazuka? Kalatayi ikupeza keke itatha kale, koma uwapemphe amayi ako akuwerengere pang'onopang'ono, chifukwa muli mawu ena opinda lilime.

Unafunsa ngati kuno ku Bavaria, chigawo cha dziko la Germany, kuli ng'ombe. Zilipo zambiri, ndipo Seputembala ndi mwezi wawo. Kukayamba kufunda, cha m'Meyi kapena Juni, alimi amakweza ng'ombe kumapiri a Alps kumsipu wotchedwa Alm. Zimakhala kumeneko miyezi itatu kapena inayi pamodzi ndi mayi woweta, Sennerin, amene amazikama m'mawa ndi madzulo, n'kupanga batala ndi tchizi m'kanyumba kamitengo. Udzu wa kumunsi amaumweta ndi kuuyanika kuti zidzadye nthawi yozizira. Kumapeto kwa Seputembala udzu wa kuphiri umasiya kukula, chipale chofewa chikhoza kugwa usiku uliwonse, ndiye ng'ombe ziyenera kutsika. Tsiku lotsikalo ndi Almabtrieb.

Tsono tamva za nyanja ya Königssee, pafupi ndi tauni ya Berchtesgaden. Ndi yopapatiza, yaitali pafupifupi makilomita 8, ndipo m'mbali mwake matanthwe anachita kuima njo, pansi pa phiri la Watzmann lotalika mamita 2,713. Msewu wozungulira nyanjayo palibe. Ndiye ng'ombe za kutsidya zibwerere bwanji kwawo? Zimakwera boti! Ndi boti lafulati, lokhala ndi mpanda m'mbali, ndipo amazilowetsa imodziimodzi n'kuziimika mothithikana kuti zisamayendeyende. Mabelu ali ngwee ngwee pamadzi, mawu ake n'kumabwerera kuchokera kumatanthwe. Ng'ombe za agogo zingalole zimenezi? Ija yamakani ija ndikukayika.

Zikafika kumtunda ndi pamene amaziveka. Pamutu amamangirira chinthu chachitali chotchedwa Fuikl. Amadula nsonga ya kamtengo kofanana ndi paini, nthambi zake n'kuzipinda m'mwamba ndi kuzimanga kuthunthu, kenaka amadzaza timaluwa. Si maluwa enieni ayi. Amapala thabwa kuti patuluke tizingwe topyapyala, n'kutinyika mu utoto wofiira, wachikasu ndi wobiriwira, kenaka kutipinda ndi kutisoka kamodzikamodzi. Ntchitoyi imadya madzulo ambiri. Chovuta ndi kumanga: akamanga molobodoka Fuikl amapendekeka ng'ombe ikangopukusa mutu, ndipo ikakhula pamtengo zonse zaphwasuka. Kabelu kakang'ono ka masiku onse, kamene kamathandiza woweta kupeza ng'ombe m'chifunga, amakachotsa n'kuika belu lalikulu la lamba wachikopa wotambalala. Ndi lolemera, choncho ng'ombe imalivala paulendo wokhawo.

Koma pali lamulo limene ndimalilemekeza kwambiri. Amaziveka pokhapokha ngati nyengo yonse yatha bwino. Ng'ombe ina ikagwera kuphompho kapena kuombedwa ndi mphezi, kapena pabanjapo pakagwa maliro, zimatsika zosavala kanthu, ndipo anthu a m'mbali mwa msewu amadziwiratu popanda kufunsa. Mphezi imeneyi yandikumbutsa: mvula ikadzayamba, usadzabisale pansi pa mtengo wa mango uja, wamva? Uthamangire m'nyumba.

Anthu amenewa akamaitana ng'ombe salankhula Chijeremani cha kusukulu. Ali ndi chilankhulo chawo, eni ake amati Boarisch. Chimamveka kuno, komanso mbali yaikulu ya Austria ndi ku South Tyrol, kumpoto kwa Italy. M'buku ng'ombe ndi Kuh, koma mlimi wa kufupi ndi mzinda wa Munich amati Kuah, zikachuluka Kiah. Ukapita kumpoto, ku Oberpfalz, mawuwo amatembenuzika, n'kukhala Kou, ndipo mchimwene amene ku Munich ndi Bruada kumeneko ndi Brouda. Kummwera, ku Tyrol, k amamutulutsira kummero ngati munthu wotsamwa ndi mbatata, kch. Tayesa, koma osati uli ndi chakudya m'kamwa! A ku Munich amamezanso l: "zambiri" m'buku ndi viel, iwo amati vui. Munthu akangotsegula pakamwa, anzake adziwa kale chigwa chimene akuchokera.

Usaganize kuti Bavaria yense amalankhula chimodzimodzi. Ku Allgäu, kumadzulo, kulinso mapiri ndi ng'ombe, koma chilankhulo chawo n'chapachibale ndi cha ku Switzerland, ndipo tsiku lotsitsa ng'ombe amalitcha Viehscheid, chifukwa akafika kumudzi amazipatula, mwini aliyense n'kutenga zake. Ku Nuremberg nakonso n'kwina. Chondimvetsa chisoni n'choti mumzinda wa Munich ana ambiri sakuchilankhulanso Boarisch, amangochimva kwa agogo awo.

Ndikupatse ntchito. Mnzako umulonjere kuti Griaß di. Munthu wamkulu sungamutero, umati Griaß God, ulemu ulipo kunonso. Chilembo chachilendocho, ß, uchitchule ngati s. Ndiye pali mawu amene amayesera nawo alendo: Oachkatzlschwoaf, mchira wa gologolo. Udule patatu: owakh, katsl, shwowaf. Ambiri amagwa pakatipo, chifukwa amafuna kuikapo i pakati pa ts ndi l. Uyambe pang'onopang'ono, kenaka ufulumire. Ukatha, amayi ako akujambule mawu pafoni anditumizire, ndikufuna ndimve ndi makutu angawa.

Kusukulu zikuyenda? Aphunzitsi atsopano aja ndi okoma mtima? Nsapato zija zikukukwanabe kapena zala zayamba kupweteka? Undijambulire ng'ombe ya agogo itavala maluwa pamutu, uikenso belu. Uzigona m'neti tsiku lililonse ngakhale kutenthe bwanji, ndipo kumtsinje usapite wekha. Ndakusowa kwambiri, mwana wanga. Upereke moni kwa agogo ndi onse pakhomo.

Pfiat di, ndiye kuti Mulungu akusunge.

Ndine,
Mayi ako aang'ono