Maphunziro a ubale wa maiko ayambire ku Dedza ndi ku Ntcheu

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndipereke maganizo kwa akuluakulu a unduna woona za ubale wa dziko lino ndi maiko ena pamodzi ndi a unduna wa zamaphunziro. Chaka chilichonse ana amene alemba mayeso a MSCE amakhala miyezi yambiri pakhomo akudikira zotsatira, kenako akudikiranso masankho a ku sukulu za ukachenjede. Nthawi imeneyi ndi yokwanira kuwapatsa maphunziro a masabata awiri kapena atatu okhudza momwe Malawi amakhalira ndi maiko ena, ndipo malo oyenera kuyambira ndi maboma a Dedza ndi Ntcheu.

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 akudziwa chifukwa chake. Kuchokera ku Dedza kudzera pa Lizulu mpaka ku Biriwiri, msewu umatsata malire, moti wogula kachewere kapena kabichi pa msika wa Lizulu angathe kungowoloka phula n'kupezeka ali m'dziko la Mozambique. Angoni a kwa Gomani ali ndi abale awo ku Angonia, ndipo maukwati, maliro ndi malonda zimadutsa tsiku ndi tsiku mzere umene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891. Mwana wa kuno amaidziwa ndalama ya metical asanafike n'komwe ku sekondale, koma mutamufunsa kuti n'chifukwa chiyani katundu wina amalipira msonkho pa chipata cha Dedza pamene wina amadutsa ulere, sangakuyankheni.

Phunziro loyamba liyenera kukhala la nkhondo ya ku Mozambique, popeza agogo a anawa anaiona ndi maso. Boma la Dr. Kamuzu Banda linatsegula ubale waukazembe ndi boma latsankho la South Africa mu 1967, zomwe zinatisiyanitsa ndi anansi athu kwa zaka zambiri. Mu 1986 a Samora Machel, a Kenneth Kaunda ndi a Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzadzudzula boma lathu poliganizira kuti linkathandiza Renamo, gulu limene linkamenyana ndi boma la Mozambique. Nkhondoyo inaononga njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu wathu n'kumazungulira njira yaitali ya ku Durban pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi anathawira kuno, ambiri n'kukhala m'midzi ya m'maboma awiriwa mpaka pamene mgwirizano wamtendere unasainidwa ku Rome mu 1992. Wophunzira amene wamvetsa nkhani imeneyi sadabwanso kuti zipolowe za pambuyo pa chisankho cha ku Mozambique mu 2024 zinasokoneza kabweredwe ka mafuta a galimoto kuno kwathu. Dziko lathu lilibe doko, choncho mtendere wa mnansi ndiwo umatsegula kapena kutseka njira yathu ya kunyanja.

Palinso zigamulo ziwiri zimene ana angakambirane okha, mbali ina ikuvomereza, ina ikutsutsa. Kumapeto kwa 2007 boma la Bingu wa Mutharika linathetsa ubale ndi Taiwan, amene anatimangira chipatala chachikulu cha Mzuzu, n'kugwirizana ndi China, amene pambuyo pake anamanga nyumba ya malamulo ku Lilongwe ndi msewu wa Karonga-Chitipa. Mu 2011 boma lomwelo linapirikitsa kazembe wa Britain, a Fergus Cochrane-Dyet, ndipo Britain inaimitsa thandizo lake la ndalama zoyendetsera boma. Tinapindula chiyani ndipo tinataya chiyani? Mafunso otere amaphunzitsa mwana kuyeza nkhani ndi umboni, osati ndi mtundu wa nsalu ya chipani chimene makolo ake amavala.

Za malonda nazo zisasiyidwe. Anthu ambiri, ngakhale ophunzira bwino, sadziwa kuti Malawi ali m'mabungwe onse awiri a SADC ndi COMESA, pamene Mozambique ndi Tanzania anatuluka mu COMESA n'kutsala mu SADC. Kusiyana kumeneku kumakhudza malamulo amene mayi wogulitsa nyemba kapena zitenje amakumana nawo pa chipata, ndipo mwana wake atawamvetsa angamuteteze kwa adobadoba amene amadyera pa umbuli wa anthu. Ndikanakondanso kuti m'mawa uliwonse pakhale ola limodzi la Chipwitikizi. N'zochititsa manyazi kuti dziko lozunguliridwa ndi Mozambique mbali zitatu lili ndi anthu ochepa chonchi otha kuwerenga kalata ya boma la mnansi wakeyo.

Sindikutsutsa mikumano imene ophunzira a m'mizinda amachita poyerekeza msonkhano wa bungwe la United Nations, chifukwa imawaphunzitsa kulankhula pagulu ndi kulemba mfundo mwadongosolo. Koma mwana wa ku Kasumbu kapena ku Tsangano sangakwanitse ndalama zolowera ndi zoyendera, ndipo kuvala suti n'kuyimira dziko la Norway kwa masiku atatu sikungamuthandize ngati kumvetsa za nyanja imene timakanganirana ndi Tanzania potengera pangano la Heligoland limene Angerezi ndi Ajeremani anagwirizana mu 1890.

Ndalama zofunika si zambiri. Nthawi ya tchuthi makalasi ndi zipinda zogona za sukulu za sekondale za Dedza ndi Ntcheu zimakhala zopanda anthu. Ophunzitsa alipo: akazembe opuma pantchito, aphunzitsi a ndale ndi mbiri a ku University of Malawi, komanso ogwira ntchito ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ndi a MRA amene ali pa chipata pomwepa. Chimene ndikuchenjeza n'chakuti maphunzirowa asasanduke misonkhano ya kunyanja imene akuluakulu amapitira maalawansi, ndipo ana asankhidwe ndi aphunzitsi awo potengera khama, atsikana ndi anyamata mofanana, kuphatikizapo a m'sukulu zoyendera za CDSS. Ndikupempha maunduna awiriwa kuti ayesere ndi gulu limodzi tchuthi chikubwerachi, ndipo tsiku lina la maphunzirowo anawo akalithere pa chipata cha Dedza akuona momwe mapepala a lole yochokera ku Beira amayendera.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Lizulu, Ntcheu