Ndinamulankhula zopweteka mwana wanga, ndipo akupita ku sukulu yogonera komweko

Zikomo Gogo,

Ndine mayi wa ana atatu. Timakhala ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, ine ndimagulitsa kaunjika ku Limbe, bambo a kunyumba ndi kalipentala. Timapemphera ku CCAP ndipo ineyo ndine wa Mvano. Chandikhazika pansi kuti ndikulembereni ndi mwana wanga woyamba, mtsikana wa zaka 13.

Mwanayu analemba mayeso a Sitandade 8 chaka chino. Zotsatira za MANEB zitatuluka tinamva kuti wasankhidwa kupita ku sekondale ya boma yogonera komweko, kutali ndithu ndi kuno. Tsiku limenelo ndinalulutira mpaka mawu kusasa. Gogo, ine ndinayamba sukulu mu 1994, chaka chomwe boma linachotsa fizi ku pulayimale, tikuphunzirira pansi pa mtengo wa mango, mwala ndiye mpando. Ndinalekezera Fomu 2 chifukwa kunalibe wondilipirira. Ndiye kumva dzina la mwana wanga pa mndandanda uja kunali ngati Mulungu wandibwezera zanga zomwe dzombe linadya.

Chimwemwecho chinazilala pepala la zofunika litafika. Fizi, yunifolomu ziwiri, nsapato zakuda, matiresi, bulangete, neti ya udzudzu, ndowa, makope, sutikesi, sopo, shuga, mapadi. Azing'ono ake awiri nawonso yunifolomu zawathina. Mwezi wa Seputembala mumaudziwa: kumudzi ayamba kale kuimba foni za feteleza, a landilodi sadikira, belo la kaunjika lakwera mtengo pomwe ogula akungogwiragwira zovala n'kumapita. Ndinatenga ngongole ku banki mkhonde koma sinafike n'komwe pakati.

Lachitatu lapitali usiku magetsi anali atazima. Ndinakhala pamphasa ndi kandulo, kope langa la ngongole pamwendo, ndikuwerenga ndalama zomwezomwezo kachitatu ngati zichuluka. Mwana uja anabwera n'kugwada pambali panga. Anangoti, “Amayi, papepala paja alembanso tochi ndi loko.” Sindikudziwa chinandilowa. Ndinamukalipira kuti, “Iwe ukuyesa ndalama ndimachita kutola? Bola ukanangolephera mayesowo kuti tonse tipume!”

Sanalire. Anadzuka, n'kutola mbale zomwe tinadyera nsima, kukazitsuka panja mumdima. Ndinkamva kugogoda kwa mbalezo ndili m'nyumba, koma miyendo yanga inakanika kudzuka.

Kuyambira tsiku limenelo mwana wanga wasanduka mlendo. Ntchito akugwira zonse, madzi akutunga, moni akupereka atagwada, koma maso sandiyang'ana. Pa mapemphero a madzulo ndiye ankayambitsa nyimbo, tsopano amangogwedeza milomo. Ndisaname, mapempherowo anali atayamba kale kufa, chifukwa kwa sabata zitatu ndakhala ndikufika kwada, mutu uli pa ndalama, n'kumangoti “gonani, tipemphera mawa.” Dzulo ndikuyala pakama pake ndinapeza pepala lija pansi pa pilo. Wadula mizere pa shuga, pa mafuta odzola, pa bulangete, pa tochi, ndipo m'munsi walemba ndi dzanja lake kuti “izi ndikhoza kukhala opanda.” Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira. Azakhali ake andiuzanso kuti anawafunsa ngati n'zotheka kungophunzira pa CDSS yapafupi kuti asativutitse. Kamchimwene kake ka zaka 7 kanamva zonse usiku uja, ndipo kakuti sikakufuna kudzakhoza mayeso chifukwa kukhoza kumakwiyitsa amayi.

M'mawa mwake mwa usiku umene ndinamukalipira uja munali Lachinayi, tsiku la Mvano. Ndinavala bulauzi yoyera, duku loyera, ndinapita, ndinaimba nawo, koma mumtima ndinkadziona wachinyengo. Ana athu timawaloweza Aefeso 6 vesi 1, yoti amvere owabala. Vesi 4, yotichenjeza ife makolo kuti tisawakwiyitse, timaidumpha ngati dzenje la pamsewu. Ine ndakhala ndikuidumpha zaka zonsezi.

Ndinawauza bambo ake kuti ndikufuna kupepesa. Iwo akuti ayi. Akuti kholo silipepesa kwa mwana, ndimupatsa mwano, ndingomugulira tochiyo aiwala. Mayi wina wamkulu wa kumpingo, amene ndimawalemekeza kwambiri, anandiuzanso chimodzimodzi, kuti mwana ndi mwana, ndingopemphera basi. Koma Gogo, mwana saiwala. Tsiku lomwe ndinasiya sukulu, malemu mayi anga, atatopa ndi umphawi ngati mmene ndatopera inemu, anandiuza kuti sukulu ya mtsikana n'kutaya ndalama. Padutsa zaka zoposa 20, ndinawakhululukira, ndinawasamala mpaka kumanda, koma mawu aja ndikhoza kukuuzani ngakhale malo omwe anaima powalankhula. Sanabwererenso kudzawachotsa. Lero ndabzala mbewu yomweyo mwa mwana wanga.

Chikundisowetsa tulo kwenikweni n'chakuti akupita kutali ali ndi maganizo akuti iye ndi katundu wolemera. Kusukulu zogonera komweko mafoni saloledwa, kulankhulana kwake n'kudzera kwa a matroni kapena aphunzitsi. Timamva za akuluakulu amene amazunza a Fomu 1, kuwalanda zakudya, kuwachapitsa zovala. Timamvanso za azibambo amene amadikirira atsikana osowa sopo ndi shuga. Mwana amene wadula yekha bulangete pa mndandanda, akadzasowa chinthu kumeneko adzandiuza? Akadzadwala, akadzazunzidwa, adzalimba mtima kupempha a matroni kuti andiimbire? Ndikuopa kuti adzangokhala chete monga wakhaliramu, kapena adzalandira kwa munthu wolakwika. Ndinkamulimbikitsa kuti akakafika akalowe SCOM, bungwe la ophunzira achikhristu, akapeze anzake opemphera, koma lero ndiyambira pati kumuuza za Mulungu ndi pakamwa pomwe panamufunira kulephera?

Pali kenanso kakang'ono. Mwezi uno chakhumi sindinapereke, ndinagulira matiresi. Mtima umandiuza kuti mwina n'chifukwa chake m'nyumba mulibe mtendere, ngakhale penapake ndimaona kuti vuto ndi lilime langa, osati envulopu ya kutchalitchi. Mundiuzeko maganizo anu pamenepanso.

Ndiye Gogo, ndithandizeni. Ndikufuna kupepesa, pamenepo ndatsimikiza. Koma sindinaonepo kholo likupepesa kwa mwana, sindikudziwa kuti amayamba ndi mawu ati. Ndimuitane patokha kuchipinda, kapena ndilankhule pa mapemphero a banja kuti azing'ono ake amve nawo, poti nawonso anamva zoipazo? Nanga ndichite bwanji osaoneka kuti ndanyoza mawu a bambo ake, amene ndi munthu wabwino ndipo akugona mochedwa kukhoma mipando kuti fizi ikwane? Ndipo nkhani ya ndalamayi, ndimuuze zoona zake kuti tili pangongole, kapena ndimubisire? Ndikamubisira adziwabe, ndi mwana wanzeru. Ndikamuuza ndikuopa kumusenzetsa mtolo wina pamwamba pa womwe ndamusenzetsa kale.

Kwatsala masiku 10 kuti ndimuperekeze ku depoti ya Wenela. Tochi ndi loko ndinagula Loweruka ku Limbe, bulangete ndasankha labwino m'belo langa lomwe, ndalichapa. Zonse zili m'chikwama changa pansi pa bedi. Ndalephera kumupatsa, chifukwa sindikufuna aganize kuti ndikugula chikhululuko chake. Chonde ndiyankheni asananyamuke.

Ine mayi wosweka mtima,
Bangwe, Blantyre