Kodi kiriketi ndi ya ku England kokha?

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za Wisden, buku lija anthu amalitenga ngati baibulo la kiriketi. Chaka chilichonse amasankha osewera faifi opambana koma amayang'ana kwambiri amene wasewera bwino ku England sizoni imeneyo, ndiye ukaswa ma rekodi ku Lahore kapena ku Harare iwo ali ziii. Inzamam-ul-Haq wa ku Pakistan anasewera ma Test (magemu a pakati pa mayiko otenga masiku angapo) 120, ma run (mapointi a mu kiriketi) opitilira 8,000, koma sanalowepo pa mndandandawu olo kamodzi, aaa zoona zimenezi? Bola Andy Flower wa ku Zimbabwe anamuika mu 2002. Mphoto ya wosewera wopambana pa dziko lonse lapansi anadzayamba kupereka mu 2004, mochedwa zedi. Inunso akonzi musamangokopera mayina awo aja ngati malamulo.

Wokonda kiriketi,
Limbe